Nyumba ya lendi imayambira pansi: mawu kwa amayi a pa Phalombe Boma

Tikudziwa kuti ena mwasiya geni pamsika, ena mwasungitsa ana kwa aneba, ndiye sitikuchedwetsani.

Lero tikambirana za pansi pa nyumba, pamene timaponda, pamene timakolopa, pamene mwana amakwawa. Ena mwina mukuti, nkhani yake yomweyi basi? Dikirani kaye. Ambiri a ife tikagulitsa nandolo kapena mpendadzuwa, kaya tikagawana ndalama za banki m'khonde pakutha pa chaka, maganizo amathamangira kumanga kachipinda kamodzi kapena tiwiri kuseri kwa nyumba kuti tizichititsa lendi. Ndi nzeru yabwino. Nyumba sifa ndi chitopa ngati nkhuku, ndipo pano pa Boma ofuna pokhala sasowa: aphunzitsi, apolisi, anamwino, ophunzira a ku Holy Family, ogwira ntchito m'mabungwe, anthu a geni.

Koma taonani momwe timamangira. Ndalama zimathera pa njerwa, malata ndi penti. Tikafika pansi, thumba lauma, ndiye timangouza mmisiri kuti, "Ingopakani pang'ono, bola pasaoneke dothi." Ena amene ali nazo amathamangira matailosi onyezimira, n'kuwayala pa dothi losatsendereka. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri pansi paja pang'ambika, chinyontho chikukwera m'khoma, alendi akudandaula, ndipo ndalama ya lendi yomwe imati ilipire fizi ya mwana ikubwereranso kwa mmisiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho chimene tabwera kudzanena ndi chimodzi. Pa ndalama imene mwasungira pansi pa nyumba, yambiri ipite kumene maso saona. Zowala za pamwamba zibwere pambuyo, ndipo zikhale zoti madzi ndi alendi sangaziwononge msanga.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa kuno kwathu madzi timawadziwa. Amene munalipo mu March 1991 mukukumbukira napolo amene anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu, n'kupha anthu mazanamazana. Achinyamata mwaona nokha namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, momwe anasakazira kwa Nkhulambe ndi madera ena a boma lino. Tinene zoona, palibe simenti imene ingaimitse napolo. Ngati malo anu ali m'njira ya madzi kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, musakwirirepo ndalama zanu, ndipo musagonekepo ana a eni. Funsani anthu akale a pamalopo kuti madzi amadutsa pati, ndipo amafika pati m'khoma.

Komabe nyumba zambiri sizigwa ndi napolo. Zimadwala pang'onopang'ono ndi madzi a chaka ndi chaka, aja amalowa pakhomo usiku, aja amakhala pabwalo masiku atatu osauma. Mankhwala ake ndi kukweza. Pansi pa nyumba pakhale pamwamba kuposa bwalo, ngakhale pamalo ouma pasachepere masentimita 15. Pamalo pamene madzi amaima, wonjezerani mizere ya njerwa za maziko kufikira pansi papitirire pamene madzi anafika m'chaka choipa. Mizere iwiri kapena itatu ya njerwa imene muwonjezere lero ndi yotchipa kuposa matiresi a mlendi amene adzanyowe mawa. Khonde litsetserekere kunja, ndipo kumbani ngalande yozungulira nyumba kuti madzi a padenga azithawa.

Tsopano tilowe m'kati, tione zimene zimakwiririka. Apa amayi tcherani khutu, chifukwa ndi pamene timaberedwa. Ambiri timaopa kufunsa mmisiri poganiza kuti zomangamanga ndi za abambo. Iyayi. Ndalama ndi yanu, nyumba ndi yanu, funsani.

Choyamba, dothi lakuda la pamwamba, lija lili ndi mizu ndi zinyalala, lichotsedwe lonse. Likatsala limawola, limatitimira, ndipo simenti ya pamwamba imasweka. Chachiwiri, dothi lothiramo likhale louma bwino la tsangalabwi, ndipo lithiridwe pang'onopang'ono: kuthira pang'ono, kuwaza madzi, kutsendera, kenaka kuthiranso. Mmisiri akathira mulu wonse kamodzi n'kungoponda pamwamba, mukanizeni. Chachitatu, pabwere miyala kapena zidutswa za njerwa zowotcha, zitsenderedwe, kenaka mchenga pamwamba pake woti utseke mipata. Apa ndi pothira mankhwala a chiswe ngati mungakwanitse. Chachinayi, ndipo ichi ambiri amachidumpha, yalani pepala lochindikala la pulasitiki, lija lakuda, chipinda chonse, m'mbali mwake likwere pang'ono kukhoma. Pepala limeneli ndi limene limatseka chinyontho chochokera m'nthaka. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi simenti, koma popanda ilo mudzaona chuku kuseri kwa kabati, fungo m'zovala, ndi ana akutsokomola nyengo yonse ya mvula.

Pamwamba pa pepala ndi pamene pamabwera konkire. Muyeso wodalirika ndi uwu: ndowa imodzi ya simenti, ndowa ziwiri za mchenga, ndowa zinayi za miyala ya kwale. Kuchindikala kwake kukhale masentimita 7 ndi theka mpaka 10. Pomaliza pamabwera simenti yosalaza, ndowa imodzi ya simenti ku ndowa zitatu za mchenga. Chipinda cha mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi chimadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 6 chikamangidwa motere. Wina akakuuzani kuti matumba awiri akwana chipinda chonse, dziwani kuti akukupakirani chigoba cha dzira.

Mchenga nawo uyeseni. Thirani pang'ono m'botolo, wonjezerani madzi, khutchumulani, ikani pansi kwa maola angapo. Mukaona matope ochuluka atakhazikika pamwamba pa mchengawo, umenewo siwabwino, simenti sigwira. Thumba la simenti limene lili ndi mibulu yolimba lalowa chinyontho, libwezeni. Ndipo tsiku losakaniza khalanipo nokha, kapena tumani mwana wanu wamkulu aziwerenga matumba amene atsegulidwa. Kuwerenga katundu wako si kunyoza mmisiri. Mmisiri wokhulupirika sakwiya nazo.

Chotsiriza pa zokwiririkazi n'chaulere, koma n'chimene chimapatsa mphamvu: madzi. Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba ikamamwa madzi. Kwa masiku 7 pansi pakhale ponyowa. Phimbani ndi masaka onyowa kapena mchenga wonyowa, muzithirira m'mawa ndi madzulo. Inde, ndife tomwe titunge madziwo, ndipo ndi ntchito yowawa. Koma pansi pamene pauma ndi dzuwa tsiku lachiwiri pamayamba kutuluka fumbi, ndipo fumbi limenelo ndi lovuta kulithetsa. Musalole mlendi kulowetsa katundu sabata isanathe, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja.

Tsopano tione za pamwamba, chimodzi ndi chimodzi.

Pansi pa dothi lozira tonse tinakulirapo, ndipo sitikunyoza. Mayi wodziwa kuzira nyumba yake imakongola. Koma m'nyumba ya lendi adzazira ndani? Mlendi sazira nyumba ya mwini. Dothi likayamba kufumbuka limasunga utitiri ndi matekenya, ndipo silikolopeka mwana akatsegula m'mimba. Ku Mexico boma linachita pulogalamu yotchedwa Piso Firme, yoika simenti m'nyumba za anthu osauka zimene zinali ndi pansi pa dothi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti ana aang'ono a m'nyumba zimenezo anachepa kudwala njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba ndi kuchepa magazi, ndipo amayi awo ankanena kuti nkhawa zawachepera. Ndiye ngati ndalama ikukwanira chipinda chimodzi chokha, ikani simenti yabwino m'chipinda chimodzicho, chinacho chidikire chaka chamawa.

Simenti yosalala ndiyo bwenzi lenileni la mayi wochititsa lendi. Imapirira mbaula, imapirira mtondo, imapirira bedi lokokedwa. Madzi akalowa mumakokolola matope, n'kutsuka ndi madzi a klorini, mawa lake munthu agonamo. Mukukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu ambiri kuposa kolera wina aliyense m'mbiri ya dziko lino. Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi asanalowe m'nyumba, choncho pansi potsukika ndi nkhani ya moyo. Mukafuna kukongoletsa, mmisiri asakanize ufa wofiira uja, red oxide, mu simenti yomalizira, kuti mtundu ulowe m'kati. Mukapaka polishi pamawala bwino zaka zambiri. Penti wopaka pamwamba yekha amasupuka m'njira imene anthu amadutsa, ndipo mudzakhala mukupaka mlendi aliyense akatuluka.

Matailosi ndi okongola, sitikana, ndipo alipo alendi amene amawafuna. Koma tisanagule tiwerengere. Ambiri amachokera kunja kapena amayendera mtengo wa ndalama zakunja, ndipo munaona momwe katundu anakwerera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamtengo wa bokosi wonjezerani thiransipoti kuchokera ku Limbe kapena ku Blantyre, simenti yake yomatira, ndi malipiro a mmisiri wodziwadi ntchitoyo. Mukapeza chiwerengero chonse, funsani funso limodzi: chifukwa cha matailosiwa, lendi ikwera ndi ndalama zingati pamwezi? Gawani ndalama yonse ija ndi kukwerako. Yankho lake ndi miyezi imene mudikire kuti ndalama yanu ibwerere. Ngati ndi nyumba yonse, yamagetsi ndi madzi, yoti mukhale munthu wapantchito ndi banja lake, mwina ibwerera msanga. Ngati ndi chipinda chimodzi cha mwana wasukulu kapena wa geni, lendi sikwera kwenikweni, ndipo mwangokwirira ndalama ya chipinda china chatsopano.

Mukasankha matailosi, gwirani izi. Chipinda chija cha mamita 3 kwa 3 chimafuna matailosi 57 a masentimita 40 mbali zonse, koma gulani oposa 60 chifukwa ena amadulidwa, ena amasweka. Sungani bokosi limodzi lapadera, chifukwa pakatha chaka mtundu umenewo simudzaupezanso m'sitolo. Sankhani mtundu wofanana ndi dothi lathu, osati woyera mbee, chifukwa wokolopa katatu pa tsiku nthawi ya matope ndi mayi mnzathu. Pewani oterera, makamaka kubafa ndi pakhonde. Taganizani za mayi woyembekezera, kapena gogo, ataponda tailosi yonyowa atasenza ndowa. Gulani okhakhala. Mmisiri akamaliza, musanamulipire, tengani kiyi muzigogoda tailosi iliyonse. Imene ikulira ngati ng'oma ili ndi mphako pansi, ndipo idzasweka tsiku limene mwendo wa bedi udzakhalapo. Aichotse, aimatenso.

Nanga kapeti ya pulasitiki ija timagula pa mita? Imakongoletsa tsiku loyamba, ndipo ndi yotchipa. Koma khala limodzi logwa pa mbaula limaiboola, mwendo wa mpando umaing'amba, ndipo madzi akalowa pansi pake sauma, mumangomva fungo. Choipa kwambiri n'chakuti ena amaiyala kuti abise ming'alu. Amayi, tisamanamize alendi. Ambiri mwa ochita lendi ndi amayi anzathu olera okha ana, ndi atsikana amene angoyamba kumene ntchito. Ngati mlendi akuifuna kapetiyi, agule yekha, ndipo adzanyamule potuluka.

Kapeti yaubweya yodzaza chipinda chonse, imeneyo m'nyumba ya lendi kuno ayi ndithu. Imasunga fumbi, imabisa utitiri, imavutitsa ana a mphumu, ndipo ikangonyowa ndi madzi osefukira ndi yotaya basi. Ija timaona m'mafilimu ndi ya kumayiko ozizira kumene ali ndi makina opopera fumbi.

Pansi pa simenti pamazizira mu June ndi July mphepo ya chiperoni ikamawomba, n'zoona. Yankho lake tili nalo kale: mphasa ndi mkeka. Zimenezi zimayalidwa pamene pakufunika, patsogolo pa bedi, pamene ana amasewera, pamene alendo amakhala. Zimakutumulidwa, zimayanikidwa padzuwa, ndipo madzi akayamba kulowa mumangopinda n'kuika pamwamba. Ndalama yake imapitanso kwa oluka a konkuno. Amene mukuchititsa lendi chipinda chokhala kale ndi katundu, monga cha alendo ogona masiku ochepa, ikani kamkeka kapena kakapeti kakang'ono koti munthu mmodzi angakachape ndi manja n'kukayanika pachingwe. Khalani nato tiwiri tosinthanitsa. Pa matailosi musaike kansalu koterera pakhomo, kamagwetsa. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: chimene chamatidwa pansi ndi cha mwini nyumba ndipo chikhale cholimba, chimene chayalidwa chikhale chonyamulika.

Pansi pamayambitsanso mikangano yambiri pakati pa eni nyumba ndi alendi. Wina akuti munaswa ndinu, wina akuti ndinapeza chomwecho. Mlendi asanalowe, yendani naye m'nyumbamo, jambulani pansi ponse ndi foni, mutumizirane pa WhatsApp kuti aliyense akhale nazo. Lembani kapepala, ngakhale m'kope la mwana wasukulu: lendi ndi zingati, dipoziti ndi zingati, nkhuni aziwazira panja, mtondo ndi mbaula zikhale pati. Musainirane pamaso pa mboni. Ndipo tichite chilungamo. Kutha kwa pansi chifukwa choyendapo si mlandu wa mlendi. Mng'alu wobwera chifukwa choti ifeyo tinaumira simenti si mlandu wa mlendi. Tisadye dipoziti ya mayi mnzathu pa cholakwa cha mmisiri wathu. Inunso amene mukufuna nyumba, musachite manyazi kutukula kapeti n'kuona pansi pake, ndi kuyang'ana m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa madzi.

Tisanatseke, pali kanthu kena kamene kamakwiririka limodzi ndi simenti: dzina lanu. Kuno ambiri ndife a chikamwini, malo amayendera kwa amayi, ndipo timadzimva otetezeka. Koma puloti yogula pa Boma si munda wa makolo. Taona amayi amene anagulitsa mbewu zawo, anatenga ngongole ku gulu, anatunga madzi othirira simenti, koma lisiti lililonse linalembedwa dzina la bambo chifukwa ndi amene anapita kusitolo. Bambo atamwalira kapena banja litatha, achibale akuti mayiyu sanaikepo kanthu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena limodzi ndi ena. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma pamlandu pamafunika umboni. Choncho thumba lililonse la simenti, bokosi lililonse la matailosi, pemphani lisiti, ndipo ngati ndalama ndi yanu lilembedwe dzina lanu. Ngati mwasonkherana ndi bambo, alembe maina onse awiri. Malisiti a masiku ano amafufutika msanga, ndiye ajambuleni ndi foni. Mmisiri muzimulipira m'zigawo, ndipo azisainira chigawo chilichonse. Abambo amene muli pano, izi sizolimbana nanu. Zikuteteza ana anu omwe tsiku limene inu kulibe.

Ndiye pobwerera kunyumba, amene muli pakati pomanga, kayimeni m'chipindamo mmisiri asanathire simenti. Mufunseni kuti pansi pakwera bwanji kuposa bwalo, dothi latsenderedwa kangati, pepala lakuda lili kuti, ndipo matumba alowa angati. Amene munamanga kale ndipo pansi pakufumbuka, musagule kapeti yobisira. Sungani lendi ya miyezi ingapo, mukonze chipinda chimodzi bwinobwino mvula isanayambe. M'magulu athu a banki m'khonde tingathe kugula simenti pamodzi, kulipira galimoto imodzi, ndi kuuzana mmisiri amene wagwira ntchito yooneka. Mutu umodzi susenza denga.

Amene muli ndi mafunso, kaya amene munamangapo kale ndipo muli ndi nzeru zoti mutigawire, nthawi ndi yanu tsopano.